Kuchokera ku koleji kulowa mu NFL: momwe tebulo la ma quarterback likuyendera

Malichi, sabata yoyamba

Funso la ntchitoyi ndi limodzi. Mnyamata akawala pa mpira wa ku America ali ku koleji, kuwalako kumatiuza zochuluka bwanji za momwe adzasewerere akalowa mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri a mpirawu? Kwa inu amene mukuwerenga koyamba, mpira ndikunenawu si wamiyendo ayi. Ndi uja wa zipewa zolimba ndi mpira wosongoka mbali zonse ziwiri, umene makoleji ena ku United States amadzaza nawo mabwalo a anthu oposa 100,000, monga la Michigan ku Ann Arbor. NFL ili ndi matimu 32, ndipo osewera ake pafupifupi onse amaleredwa ndi makoleji. Chaka chilichonse kumapeto kwa Epulo matimu amasinthana kusankha anyamata pa mwambo wa draft, maraundi 7, anyamata pafupifupi 260, ndipo timu imene inali kumchira chaka chathacho ndiyo imayamba kusankha. Munthu saloledwa kulowa mu draft pasanathe zaka zitatu chimalizire sekondale. Bungwe la NCAA, loyendetsa masewera a m'makoleji, limati mwa osewera ake a mpirawu, ofika mu NFL sakwana 2 pa 100 alionse.

Ndayamba ndi ma quarterback okha. Quarterback ndi amene amalandira mpira poyamba, n'kusankha woti amuponyere, ndipo ntchito yake imasiya manambala ambiri kuposa ya wina aliyense: mapasi amene waponya, amene afika, amene agwidwa ndi adani, mayadi (mtunda umene mpira wapita patsogolo), ma touchdown (zigoli za mpirawu). Tebulo lili pa kompyuta, mzere umodzi munthu mmodzi, kumanzere za ku koleji, kumanja za mu NFL.

Chimene chanditengera nthawi si kulowetsa manambala koma kugwirizana ndi mtima wanga kuti "kupambana mu NFL" n'chiyani. Chikho cha Super Bowl, gemu yomaliza yopezera katswiri wa NFL, sichingakhale muyeso, chifukwa timu ili ndi anthu 53, ndipo Dan Marino anapuma osachitengapo koma palibe anganene kuti analephera. Kusankhidwa ku Pro Bowl, gulu la osewera ovoteredwa kuti awala chaka chimenecho, kumadaliranso kutchuka. Ndasankha muyeso wa ndalama ndi nthawi: kodi kontrakiti yoyamba itatha, panapezeka timu yomufunabe ngati woyamba magemu, osati wodikira pa benchi? Chiyambire 2011 kontrakiti ya osankhidwa mu draft imakhala ya zaka zinayi, ndipo kwa a raundi yoyamba timu ikhoza kuwonjezera chachisanu. Timu ikaona munthu zaka zinayi tsiku ndi tsiku, n'kuvomerabe kumulipira ndalama zambiri, imeneyo ndi mboni yodalirika kuposa mavoti.

Malichi, sabata yachitatu

Gulu loyamba kulowa pa tebulo ndi la opambana Heisman Trophy, mphoto ya wosewera wopambana onse wa ku koleji. Ngati kuwala kwa ku koleji kumalosera kanthu, kuyenera kuonekera apa. Mphotoyi inayamba mu 1935, ndipo woyamba kuilandira, Jay Berwanger wa University of Chicago, anakhalanso woyamba kusankhidwa pa draft yoyamba ya 1936, koma sanasewerepo mu NFL chifukwa sanagwirizane pa malipiro. Nthawi zakalezo ndaziika pambali. Ndayambira 1989.

Kuchokera 1989 kufika 2007, ma quarterback 12 analandira Heisman, ndipo kuwerenga mbali yawo ya kumanja kumamvetsa chisoni. Andre Ware wa Houston anaponya mayadi 4,699 ndi ma touchdown 46 mu 1989, timu yake inakwapula koleji ya SMU 95-21, Detroit inamusankha pa nambala 7, koma mu NFL anayamba magemu 6 okha. Ty Detmer anasankhidwa mu raundi ya 9, nthawi imene draft inali ndi maraundi 12, ndipo anakhalitsa mu ligi makamaka ngati wodikira pa benchi. Gino Torretta, raundi ya 7. Charlie Ward, amene anapatsa Florida State chikho cha dziko lonse mu 1993, sanasankhidwe n'komwe. Anapita ku basketball, New York Knicks inamutenga mu raundi yoyamba, ndipo anasewera mu NBA zaka zoposa khumi. Eric Crouch wa Nebraska anasankhidwa ndi St. Louis Rams kuti akhale wolandira mapasi, osati woponya, ndipo sanasewerepo gemu ya ligi. Jason White wa Oklahoma, maondo onse awiri atachitidwa opaleshoni, palibe timu inamusankha. Tim Tebow anatenga zikho ziwiri ndi Florida, anapambanitsa Denver gemu ya ndime yochotsana ndi Pittsburgh mu Januwale 2012, koma mapasi ake ofika mu NFL anali 47.9 pa 100 alionse, ndipo quarterback wotchuka Peyton Manning atapezeka, Denver inamutumiza ku New York Jets. Mwa anthu 12 amenewa, anayi okha analowa mu raundi yoyamba: Ware, Carson Palmer, Matt Leinart ndi Tebow. Wokhoza pa muyeso wanga popanda kukayika ndi Palmer yekha.

Ndikadalekera pamenepa ndikadalemba kuti Heisman siuza munthu kanthu. Koma mizere yotsatira ikunena zina. Kuchokera 2008 kufika 2023 ma quarterback olandira mphotoyi ndi 13, ndipo onse 13 anasankhidwa mu raundi yoyamba. Asanu ndi atatu anali nambala 1: Sam Bradford, Cam Newton, Jameis Winston, Baker Mayfield, Kyler Murray, Joe Burrow, Bryce Young ndi Caleb Williams. Atatu anali nambala 2: Robert Griffin III, Marcus Mariota ndi Jayden Daniels. Otsala ndi Johnny Manziel pa 22 ndi Lamar Jackson pa 32. Si onse anayenda bwino. Manziel anachotsedwa ku Cleveland patangotha zaka ziwiri, ndipo Griffin anavulala bondo kumapeto kwa chaka chake choyamba, osabwereranso mwakale. Komabe m'gululi muli Newton, MVP (wosewera wopambana onse mu NFL) wa 2015, Jackson, MVP wa 2019 ndi 2023, ndi Burrow amene anafikitsa Cincinnati ku Super Bowl chaka chake chachiwiri.

Mphoto ndi yomweyo, kavotedwe kake sikanasinthe kwenikweni, koma zotsatira zasiyana ngati usana ndi usiku. Apa ndi pamene ntchito yeniyeni yagona.

Epulo, kumayambiriro

Ndakhala pa funso la chimene chinasintha, ndipo ndafika pokhulupirira kuti anyamata sanasinthe kwambiri. Inasintha ndi ntchito imene NFL imawapatsa.

Mpira wa ku koleji ndi wa mu NFL amafanana dzina, koma ngakhale bwalo limalembedwa mosiyana. Timizere tapakati pomwe mpira umaikidwa poyamba kusewera timatalikirana mamita pafupifupi 12 ku koleji, pomwe mu NFL sitifika mamita 6. Ku koleji mpira ukaikidwa pa kamzere kamodzi, mbali inayo imatsala yotakasuka kwambiri, ndipo mnyamata waliwiro amapeza malo asanachite chilichonse. Wolandira pasi m'mphepete mwa bwalo amangofunika phazi limodzi mkati. Mu NFL ndi onse awiri. Chachikulu kuposa zonse ndi adani. M'gulu lapamwamba la makoleji muli matimu oposa 130, ndipo ambiri mwa otchinga amene quarterback wa Oklahoma kapena Alabama amakumana nawo sadzaponda mu NFL. Anzake omulandira mapasi nthawi zambiri amakhala atawasiya kumbuyo otchingawo ndi masitepe awiri kapena atatu. Mu NFL mpata umenewo kulibe. Pasi imayenera kuponyedwa wolandira asanatembenuke. Zili ngati mbewu ya pa munda wachitsanzo, pomwe feteleza ndi wokwana ndipo alangizi ali pomwepo. Zokolola zake n'zoona ndithu, koma sizikuuza chimene mbewuyo idzachite pa nthaka ya mchenga mvula ikadula mu Januwale.

Kuchokera kumapeto kwa m'ma 1980 kufika kumayambiriro kwa m'ma 2000, makoleji ambiri ankasewera mpira umene NFL sinkaufuna. Nebraska ya Crouch inkadalira quarterback wothamanga ndi mpira. Houston ya Ware inkamwaza olandira anayi n'kuponya pafupifupi nthawi zonse. NFL inkafuna munthu wamtali wolandira mpira ali kumbuyo kwenikweni kwa mnzake wapakati, n'kubwerera masitepe owerengeka, n'kuwerenga bwalo lonse. Mnyamata ankafika ndi satifiketi ya ntchito ina.

Kenako NFL inayamba kubwereka za ku koleji. Mu 2012 makochi a Washington, Mike Shanahan ndi mwana wake Kyle, anakonzera Griffin kaseweredwe komulola kusankha pakati pa kupereka mpira ndi kuthamanga nawo yekha, monga ankachitira ku Baylor. Mu 2013 Philadelphia inalemba kochi Chip Kelly wa ku koleji ya Oregon. Mu 2019 Arizona inalemba Kliff Kingsbury, amene anali atangochotsedwa ku Texas Tech, n'kumusankhira Murray. Kingsbury yemweyo ndiye ankakonza kaseweredwe ka Washington mu 2024 pamene Daniels anawala chaka chake choyamba. Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Lamar Jackson. Draft ya 2018 isanachitike, Bill Polian, mkulu wakale wa matimu amene mawu ake ankamveka, ananena poyera kuti Jackson asinthe akhale wolandira mapasi. Ndi mawu omwewo amene anathetsa ulendo wa Crouch. Jackson anakana. Baltimore inamutenga pa nambala yomaliza ya raundi yoyamba, ndipo m'malo momuumba kuti afanane ndi ena, inagwetsa kaseweredwe kake konse n'kumanga katsopano pa iyeyo, motsogozedwa ndi Greg Roman. Mu 2019 anathamanga mayadi 1,206, anaponya ma touchdown 36 kuposa wina aliyense mu ligi, ndipo mavoti onse a MVP anapita kwa iye. Sindingaleke kuganiza za Charlie Ward ndikafika pa mzere umenewu. Anabadwa msanga.

Texas Tech ndaipatsa tsamba lakelake. Pansi pa kochi Mike Leach, quarterback aliyense kumeneko ankatulutsa manambala oopsa. B.J. Symons anaponya mayadi 5,833 mu 2003, anasankhidwa mu raundi ya 7, osasewerapo gemu ya ligi. Graham Harrell sanasankhidwe. Kingsbury mwiniwake, ali wosewera, sanapite patali. Ofufuza osewera anaphunzira kuti manambala a ku Texas Tech ndi a kaseweredwe, osati a munthu, ndipo kwa zaka zambiri ankalondola. Ndiye kunabwera Patrick Mahomes, amene anaponya mayadi 734 pa gemu imodzi ndi Oklahoma mu 2016, gemuyo n'kuluzabe. Pa magemu amene anayamba ku koleji anapambana 13, kuluza 16. Chicago inamudumpha n'kutenga Mitchell Trubisky pa nambala 2. Kansas City inakwera kufika pa 10 kuti imutenge, ndipo lero ali ndi ma Super Bowl atatu. Lamulo loti "wa ku Texas Tech usamukhulupirire" linali lolondola mpaka tsiku limene ligi inayamba kusewera mpira wofanana ndi wa ku Texas Tech.

Epulo, kumapeto

Ndawonjezera madanga awiri potsatira ntchito ya David Lewin, imene inatuluka ku Football Outsiders mu 2006. Iye anapeza kuti kwa ma quarterback osankhidwa m'maraundi awiri oyamba, zinthu ziwiri zimalosera bwino kuposa zina: magemu amene munthu anayamba ku koleji, ndi kuchuluka kwa mapasi ake ofika. Nzeru yake ndi yomveka. Mnyamata woyamba magemu 40 waonedwa mokwanira, adani aphunzira zofooka zake ndipo wapirirabe. Wa magemu 13 akhoza kukhala kuti anangokumana ndi chaka chabwino.

Draft ya 1998 imagwirizana nazo bwino lomwe. Peyton Manning anayamba magemu 45 ku Tennessee, Ryan Leaf 24 ku Washington State. Anthu ankatsutsana kuti woposa ndani. Manning anadzakhala MVP kasanu. Leaf anamaliza ndi ma touchdown 14 ndi mapasi 36 ogwidwa ndi adani. Trubisky anali ndi magemu 13, Anthony Richardson 13, Mark Sanchez 16, Trey Lance 17. Danga limeneli likuchenjeza ndithu.

Koma silimanga mlandu lokha. Newton anayamba sizoni imodzi yokha ku Auburn. Josh Allen ku Wyoming mapasi ake ofika anali 56 pa 100, nambala imene aliyense wodalira tebulo akadaithawa. Chaka choyamba ku Buffalo inatsika kufika pa 52.8, koma mu 2020 inakwera kufika pa 69.2, ndipo mu 2024 anakhala MVP. Ndipo onani malire amene Lewin anaika: maraundi awiri oyamba okha. Ukawachotsa, njira yake ingakuuze kuti Kellen Moore wa Boise State, amene anapambana magemu 50 n'kuluza atatu okha, ndiye woposa onse, pomwe palibe timu inamusankha mu 2012 chifukwa cha msinkhu ndi mphamvu ya mkono. Case Keenum, wa mayadi 19,217 ku Houston, nayenso sanasankhidwe chaka chomwecho. Ndiye kuti manambala amagwira ntchito maso a ofufuza atasefa kale. Paokha sayenda.

Kwa anyamata a posachedwa dangali likufunika kusamala. Chaka chowonjezera chimene NCAA inapereka chifukwa cha COVID-19, ufulu wosintha koleji, ndi ndalama zimene osewera analoledwa kulandira kuyambira Julaye 2021, zachititsa ambiri kukhalitsa. Bo Nix anayamba magemu 61 ku Auburn ndi Oregon. Magemu 40 a lero si ofanana ndi 40 a 1998, choncho ndawalemba ndi mtundu wina.

Meyi

Sabata zino ndakhala ndi mizere imene kumanja kwake kuli kopanda kanthu, ndipo ndi imene ikundivutitsa maganizo.

Akatswiri a zachuma David Berri ndi Rob Simmons anafalitsa kafukufuku mu 2011 wonena kuti pakati pa ma quarterback amene anapatsidwa mpata wosewera, nambala ya pa draft imagwirizana pang'ono chabe ndi momwe anasewerera. Otsutsa anayankha kuti wa raundi ya 6 amene wafika posewera ndi wosankhidwa mwa osankhidwa, pomwe anzake ambiri makochi anawaona pokonzekera n'kuwasiya pa benchi pa zifukwa zomveka. Mbali zonse zili ndi mfundo. Wa nambala 1 amapatsidwa zaka zitatu zolakwitsa chifukwa amene anamusankha akuteteza ntchito yawo. Wa raundi ya 6 akalakwitsa kawiri amalongedza.

Taonani momwe atatu otchuka a kumunsi analowera. Kurt Warner sanasankhidwe mu 1994, anagwirapo ntchito yosanja katundu m'sitolo ku Iowa, anasewera mu ligi ya mabwalo a m'nyumba ndiponso ku timu ya ku Amsterdam, ndipo anayamba ku Rams mu 1999 chifukwa Trent Green anavulala bondo ligi isanayambe. Chaka chomwecho anakhala MVP n'kutenga Super Bowl. Tom Brady, nambala 199 mu 2000, analowa m'bwalo ku New England mu Seputembala 2001 woyamba magemu Drew Bledsoe atagundidwa koopsa pa gemu ya Jets. Brock Purdy, womaliza weniweni pa draft ya 2022, nambala 262, anasewera ku San Francisco chifukwa Lance ndi Jimmy Garoppolo anavulala motsatizana. Onse atatu khomo linawatsegukira chifukwa cha kuvulala kwa wina. Akadapanda kuvulala anthuwo, mizere itatuyi bwenzi ili yopanda kanthu ngati inzake, ndipo tebulo bwenzi likuwawerenga ngati olephera.

Pa Brady pali china chimene anthu amaiwala. Nkhani yake imakambidwa ngati umboni woti koleji siuza kanthu, koma mbiri yake ku Michigan inali yabwino: anapambana magemu 20 mwa 25 amene anayamba, ngakhale ankagawana nthawi ndi Drew Henson, ndipo anatsanzika pogonjetsa Alabama pa Orange Bowl, imodzi mwa magemu aakulu otsekera sizoni ya makoleji. Chinamugwetsa ndi thupi ndi liwiro. Mayadi 40 anathamanga masekondi 5.28. Ma quarterback asanu ndi mmodzi anasankhidwa iye asanatchulidwe, ndipo mmodzi wa iwo, Giovanni Carmazzi wa San Francisco, sanasewerepo gemu ya ligi. Purdy naye anayamba zaka zinayi ku Iowa State, pomwe Lance, amene San Francisco inamulipirira masankho atatu a raundi yoyamba, anali ndi magemu 17 aja. Pa awiriwa koleji inanena zoona. Amene sanamve ndi osankha.

Cade Massey ndi Richard Thaler (Thaler anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2017) anayesa funsoli mwa njira yosavuta. Tenga wosewera aliyense pa draft, umuyerekeze ndi wotsatira kusankhidwa pa malo omwewo osewera. Woyambayo amaposa wachiwiri ka 52 pa 100. Izi sizikutanthauza kuti raundi yoyamba ndi ya 7 n'zofanana, chifukwa kusiyana kwa magulu akuluakulu kulipo ndipo tebulo langa likukuonetsa. Zikutanthauza kuti pakati pa anyamata awiri oyandikana, chidaliro chimene matimu amakhala nacho chimaposa chimene akudziwa.

Za Combine, mayeso a thupi ndi liwiro amene anyamata amachita ku Indianapolis draft isanachitike, sindikhalitsapo. Frank Kuzmits ndi Arthur Adams anapeza mu 2008 kuti mayesowo sagwirizana mokhazikika ndi kaseweredwe ka mu ligi, kupatula liwiro la othamanga ndi mpira. Ndasunga msinkhu ndi nthawi ya mayadi 40 pa tebulo chifukwa zimafotokoza chifukwa chimene munthu anasankhidwira pomwe anasankhidwira, basi.

Juni

Tebulo lakula mbali imene poyamba kunalibe: pakati, pakati pa koleji ndi NFL. Muli madanga a timu imene inamutenga. Inapambana magemu angati chaka chapitacho, anasinthiridwa makochi kangati m'zaka zitatu zoyamba, anagwetsedwa kangati asanaponye, anayamba kusewera liti, ndipo kaseweredwe kake kanali pafupi bwanji ndi ka ku koleji kwake.

Chifukwa chake chili m'dongosolo la draft lenilenilo: wowala kwambiri ku koleji amapita ku timu yofooka kwambiri. David Carr anali nambala 1 mu 2002 ku Houston Texans, timu yongoyamba kumene, ndipo anagwetsedwa ka 76 chaka chimodzi, nambala imene palibe waiposa. Mayfield anapita ku Cleveland imene inaluza magemu onse 16 mu 2017, n'kukhala ndi makochi aakulu anayi m'zaka zitatu. Atafika ku Tampa Bay anaponya ma touchdown 41 mu 2024. Steve Young anapambana magemu atatu n'kuluza 16 ku Tampa Bay ya m'ma 1980, koma ku San Francisco anakhala MVP kawiri. Mahomes anapeza timu yopambana kale, Andy Reid ali kochi, ndipo anakhala chaka chathunthu akuphunzira kumbuyo kwa Alex Smith, n'kuyamba gemu imodzi yokha yomaliza. Kuika Carr ndi Mahomes pa sikelo imodzi popanda madanga amenewa n'kulakwira Carr.

Danga la kufanana kwa kaseweredwe ndi lovuta kudzaza chifukwa silipezeka pa manambala. Likufuna kuonera magemu, a ku koleji ndi a chaka choyamba mu ligi, munthu mmodzimmodzi. Ndayamba ndi asanu a raundi yoyamba ya 2018: Mayfield, Sam Darnold, Allen, Josh Rosen ndi Jackson. Anasankhidwa usiku umodzi, anapita ku matimu osiyana kwambiri, ndipo papita nthawi yokwanira kuti kontrakiti yachiwiri ya aliyense idziwike. Wa Rosen ndiye woyamba, chifukwa Arizona inamutenga pa nambala 10, n'kumutumiza ku Miami patangotha chaka chimodzi Kingsbury atabwera ndi Murray.